Tetezani Nkhuku Zanu ku Njoka za M'mimba

Kodi pakhomo panu pali nkhuku zingati? Taziŵerengani. Mwina zilipo zisanu, mwina khumi, mwinanso kuposa pamenepo. Kuno ku Mzimba ng'ombe timazilemekeza kwambiri, koma si banja lililonse lili ndi ng'ombe. Nkhuku ndiye ili pafupifupi pakhomo paliponse. Mlendo akabwera timagwira nkhuku. Mwana akadwala timagulitsa nkhuku kuti tipeze ndalama yoyendera kupita kuchipatala ku Embangweni kapena ku Boma. Mchere, sopo, makope a ana a sukulu, zonsezi nthaŵi zambiri zimachokera m'khola la nkhuku.

Adani a nkhuku timaŵadziŵa. Mphamba timamuona akamazungulira m'mwamba. Chitopa chikafika, mudzi wonse umadziŵa. Koma pali mdani wina amene sitimuona chifukwa amakhala m'kati. Mdani ameneyu ndi njoka za m'mimba. Sizipha nkhuku zonse tsiku limodzi ayi. Zimangoba pang'onopang'ono. Inu mumathira madeya, nkhuku imadya, koma zokhuta ndi njoka.

M'phunziro lino tiona kuti njokazi ndi zotani, zimaloŵa bwanji, tingazizindikire bwanji, ndiponso tingazithetse bwanji ndi mankhwala.

Zimene ndinaona pakhomo pena

Tsiku lina ndinacheza pakhomo pa mayi wina cha ku Manyamula. Mayiyo anali ndi anapiye 12 a thadzi limodzi. Anapiye atafika miyezi iŵiri anasiya kukula. Nthenga zinali nyankhalala, mapiko ali pansi. Anayi anafa mmodzimmodzi.

Ndinafunsa kuti, "Amayi, kodi mukuganiza kuti chavuta nchiyani?"

Iwo anati, "Kaya, aphunzitsi. Chitopa sichimenechi, chifukwa zikuluzikulu zili bwinobwino. Kudya zikudya ndithu. Ena akuti alipo wandichita chipongwe."

Madzulo ake mayiyo anapha msoti umodzi kuti tidyere nsima. Pokonza ndinaŵapempha kuti asataye matumbo. Tinaŵang'amba ndi mpeni m'litali mwake. Taonani, m'kati munali njoka zoyera zambirimbiri, zitapiringizana ngati ulusi. Mayiyo anagwira pakamwa. Panalibe munthu amene anaŵachita chipongwe. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi njokazi ndi zamitundu ingati?

Njoka za m'mimba mwa nkhuku zilipo zamitundu yambiri. Ife tidziŵe mitundu inayi.

1. Njoka zazikulu zobulungira. Izi ndi zimene tinaziona kwa mayi uja. Ndi zoyera, zonenepa ngati kamtengo ka machesi. Kutalika kwake kumayambira masentimita 5 mpaka 12, ndiye kuti ngati chala cha munthu wamkulu. Zimakhala m'matumbo aang'ono. Madokotala a ziŵeto amazitcha Ascaridia. Zikachuluka zimatseka matumbo, chakudya osadutsa, nkhuku nkufa.

2. Tinjoka ta m'matumba aŵiri. Kumapeto kwa matumbo a nkhuku kuli timatumba tiŵiri tofanana. M'menemo mumakhala tinjoka tating'ono, totalika ngati sentimita imodzi. Dzina lake ndi Heterakis. Nkhuku sitiivutitsa kwambiri, koma timanyamula matenda ena amene amaononga chiŵindi ndi kupha nkhukundembo. Nchifukwa chake si bwino kuŵeta nkhukundembo m'khola limodzi ndi nkhuku.

3. Tinjoka tonga tsitsi. Iti ntoonda kwambiri, kotero kuti nkovuta kutiona ndi maso. Dzina lake ndi Capillaria. Ngakhale ntating'ono, timakanda ndi kutupitsa matumbo, ndipo nkhuku imawonda msanga.

4. Njoka zaphanthiphanthi. Izi si zobulungira koma zathyathyathya ngati lamba, ndipo zili ndi mfundomfundo. Zina zimatalika mpaka masentimita 25. Mutu wake umakanirira kukhoma la matumbo. Mfundo zakumchira zimaduka nkutuluka ndi zitosi. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga pazitosi, dziŵani kuti ndi zimenezi.

Palinso tinjoka tina tofiira timene sitikhala m'mimba koma pakhosi, m'njira ya mpweya. Mwanapiye amene ali nato amatambasula khosi ndi kumangoyasamula ngati watsamwa.

Kodi zimaloŵa bwanji m'nkhuku?

Njoka sizibadwa zokha m'mimba. Zimachokera ku mazira. Tiyeni titsatire ulendo wa njoka yaikulu yobulungira ija.

Njoka yaikazi ili m'matumbo imaikira mazira ambirimbiri tsiku lililonse. Mazirawo ngaang'ono zedi, sitingaŵaone ndi maso. Amatuluka pamodzi ndi zitosi nkugwera pansi. Pamalo pofunda ndi pachinyontho, dzira limakhwima pakatha masabata aŵiri kapena kucheperapo. Nkhuku ina ikamatolatola chakudya pamalo pomwepo, kapena ikamwa madzi ogwera zitosi, imameza mazira aja. M'mimba mazira amaswa. Tinjoka timabisala m'khoma la matumbo kwa masiku angapo, kenaka timatuluka nkumakula. Pakatha masabata 5 mpaka 8, tinjoka tija takula ndipo tayamba kuikira mazira akenso. Ulendo wayambiranso.

Mwaona kodi? Nkhuku imodzi yokha ya njoka ikhoza kudetsa bwalo lonse.

Njoka zaphanthiphanthi zili ndi njira ina. Mazira ake amayamba adyedwa ndi tizilombo monga nyerere, ntchentche, nkhono ndi tizikumbu ta m'ndowe. Nkhuku ikadya kachilomboko, yadya ndi njoka yomwe. Nyongolotsi za m'dothi nazonso zimasunga mazira a njoka zina. Nkhuku zathu zakumudzi zimadya zonsezi tsiku ndi tsiku. Nchifukwa chake nkhuku zoyenda zokha zambiri zili ndi njoka, ngakhale zikuoneka zamoyo.

Mazira a njoka ngolimba. Pamthunzi ndi pachinyontho akhoza kukhala ndi moyo miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Chimene chimaŵapha ndi dzuŵa ndi kuuma. Kuno kwathu mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala nkulekeza cha mu Epulo. Miyezi imeneyi nthaka siuma, tizilombo timachuluka, ndipo njoka zimafala kwambiri. Ndi miyezi yomweyonso pamene chimanga chimachepa m'nkhokwe, madeya nkusoŵa. Nkhuku yanjala ilibe mphamvu yolimbana ndi njoka.

Zovutika kwambiri ndi anapiye ndi misoti yosakwana miyezi itatu. Nkhuku yaikulu thupi lake limazoloŵera, koma imapitiriza kumwaza mazira amene amadwalitsa ana ake omwe.

Kodi tingadziŵe bwanji kuti nkhuku ili ndi njoka?

Yang'anani zizindikiro izi:

1. Nkhuku ikudya koma siikunenepa. Mukainyamula ikupepuka. Mukakhudza pachifuŵa, fupa lili lakuthwa ngati mpeni.
2. Anapiye akukula mochedwa, ena akupinimbira.
3. Nthenga zaima, sizikusalala, mapiko agwa.
4. Kanyama kofiira ka pamutu paja kayererako chifukwa magazi achepa.
5. Nkhuku ikutsekula m'mimba, nthenga zakumbuyo zadetsedwa ndi zitosi.
6. Thadzi lachepetsa mazira kapena lasiyiratu kuikira.
7. Pazitosi pakuoneka njoka kapena tinthu toyera tonga mpunga.

Njira yosavuta yotsimikizira ndi ija tinachita ku Manyamula. Nthaŵi iliyonse mukapha nkhuku yodya, ng'ambani matumbo muone m'kati. Siilira ndalama. Mukapeza njoka m'nkhuku imodzi, dziŵani kuti zinzakenso zili nazo, pakuti zimadyera bwalo limodzi. Matumbo a njokawo akwirireni mozama kapena atentheni. Musaponyere nkhuku zina.

Madokotala a ziŵeto ali ndi njira inanso. Amapima zitosi ndi makina oonera tinthu tating'ono, nkuona mazira a njoka. Malo opimirako alipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Si matenda onse ali njoka

Apa tichenjere. Anthu ena akaona nkhuku yadwala amangothamangira mankhwala alionse. Kutero nkutaya ndalama.

Chitopa, chimene ena amati chideru, chimabwera mwadzidzidzi. Nkhuku zambiri zimadwala nthaŵi imodzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Zimasinza, zimatsekula zobiriŵira, zina zimapinda khosi, ndipo zimafa m'masiku oŵerengeka. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chili ndi katemera basi. Katemera wotchedwa I-2 amapangidwa ku Lilongwe konkuno ku Malaŵi. Amadonthetsera dontho limodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka. Mankhwala a njoka sangateteze chitopa, ndipo katemera wa chitopa sangaphe njoka. Nkhuku imafuna zonse ziŵiri.

Pali matenda enanso amene amagwira anapiye, makamaka otsekeredwa m'khola lachinyontho. Anapiye amazizidwa, amaunjikana pamodzi, ndipo zitosi zimakhala ndi magazi. Matendaŵa amatchedwa coccidiosis. Sayamba ndi njoka ayi, ndipo mankhwala ake ndi ena. Mukaona magazi m'zitosi, pitani msanga kwa alangizi.

Mankhwala a njoka

Mankhwala a njoka za nkhuku amapezeka m'masitolo ogulitsa mankhwala a ziŵeto ndi zipangizo za ulimi. Ena ngaufa a m'timapaketi, ena ngamadzi a m'mabotolo. Maina a pamwamba pa paketi ngambiri, koma penapake pamalembedwa dzina lenileni la mankhwala amene ali m'katimo. Maina ofunika kuŵadziŵa ndi aŵa:

Piperazine. Potchula timati paiperazini. Aŵa ndi mankhwala akale ndithu ndipo sapweteka nkhuku wamba. Amafoola njoka zazikulu zobulungira, ndipo zimatuluka ndi zitosi. Koma amagwira mtundu umodzi wokhawo. Tinjoka tonga tsitsi ndi njoka zaphanthiphanthi saziopsa.

Levamisole. Potchula timati levamizo. Aŵa amapha njoka zazikulu zobulungira, tinjoka ta m'matumba aŵiri ndi tinjoka tonga tsitsi. Njoka zaphanthiphanthi sazipha. Mukapitiriza muyeso akhoza kudwalitsa kapena kupha nkhuku. Muyeso wake usamalidwe.

Fenbendazole ndi Albendazole. Aŵa ngapachibale. Amapha mitundu yambiri ya njoka zobulungira, ndipo amathandizanso pa njoka zina zaphanthiphanthi. Ena mwa iwo amamwetsedwa masiku angapo otsatizana, osati tsiku limodzi lokha.

Tsono mwaona kuti si mankhwala onse amapha njoka zonse. Nchifukwa chake nkofunika kudziŵa mtundu wa njoka zimene mwapeza. Ikani njokazo m'kabotolo mukaonetse alangizi a ziŵeto. Alangizi amapezeka ku maofesi a zaulimi a m'madera, monga ku Kazomba, Manyamula, Mbawa, Champhira, Emfeni, Luwerezi ndi Khosolo, ndiponso ku Boma. Musachite manyazi. Safunsa anadya phula.

Dziŵaninso kuti makapisozi a anthu, aja ofiira ndi akuda kapena ofiira ndi achikasu, sapha njoka. Musaŵathire m'madzi a nkhuku. Mapiritsi a njoka amene ana amalandira kusukulu kapena kuchipatala ngaana, muyeso wake ngwa munthu. Nawonso mankhwala a ziŵeto musampatse mwana. Asungeni pamwamba, posafikira ana.

Nanga mankhwala achikuda? Makolo athu ankathira tsabola, phulusa, njere za papaya ndi makungwa a mitengo m'madzi a nkhuku. Zina mwa izi, monga njere za papaya, zimachepetsako njoka. Vuto lake nlakuti mphamvu yake siifanana nthaŵi zonse, ndipo njoka zina zimatsala. Anapiye akayamba kuwonda ndi kufa, musadalire zimenezi zokha.

Ŵerengani zolembedwa pa paketi

Apa ndi pamene kuŵerenga kwanu kukugwira ntchito. Musagule mankhwala ongothira m'kapepala kopanda dzina, ngakhale atchipe bwanji. Simungadziŵe kuti ndi chiyani. Gulani paketi yomata, yolembedwa. Zolembazo kaŵirikaŵiri zimakhala m'Chingerezi, koma mawu ofunika ndi atatu okha. Aphunzireni.

Mawu oyamba ndi EXP kapena Expiry. Pambali pake pamakhala mwezi ndi chaka chimene mankhwala athere mphamvu. Mwachitsanzo, akalemba EXP 08/2027 ndiye kuti mankhwalawo adzatha mphamvu mwezi wa 8, umene ndi Ogasiti, chaka cha 2027. Ngati mweziwo unadutsa kale, musagule.

Mawu achiŵiri ndi Dosage. Aŵa akunena muyeso. Pamenepo mupeza manambala ndi timalemba. Kalemba ka g kakuimira magalamu. Timalemba ta ml tikuimira mamililita. L wamkulu akuimira malita. Muyeso umasiyana paketi ndi paketi, chifukwa ena ngamphamvu kuposa anzake. Musatengere muyeso wa mnzanu amene anagula paketi yamtundu wina.

Mawu achitatu ndi Withdrawal. Aŵa akunena masiku amene muyenera kudikira musanadye kapena kugulitsa nyama ndi mazira a nkhuku zomwa mankhwala. Mankhwala amatsalira m'thupi la nkhuku kwa masiku angapo. Akalemba 7 days ndiye kuti masiku 7. Dikirani masikuwo athe. Mapaketi ena amaletsa kumwetsa nkhuku zimene zikuikira mazira odya. Funsani wogulitsa kapena alangizi akuŵerengereni pamenepo. Ndipo musatengere nkhuku yomwa mankhwala dzulo kumsika wa Jenda kapena wa pa Boma. Wogulayo nayenso ali ndi ana.

Kamwetsedwe kake

Mankhwala ambiri a njoka timasungunula m'madzi akumwa. Tsatirani njira izi:

1. Madzulo nkhuku zikaloŵa, chotsani madzi onse m'khola.
2. M'maŵa musazitsekulire. Nkhuku yotsekulidwa ikamwa madzi pachithaphwi kapena kubafa, ndipo madzi a mankhwala siikhudza.
3. Tsukani chomwera bwinobwino. Tungani madzi oyera a pamjigo.
4. Yesani madzi. Botolo lagalasi la Fanta limaloŵa mamililita 300. Mabotolo atatu ndi pang'ono ndiye lita imodzi.
5. Yesani mankhwala monga paketi yanenera. Takasani mpaka asungunuke.
6. Ikani zomwera ziŵiri kapena zitatu pamthunzi, kuti zazikulu zisapondereze zazing'ono. Zonse zimwe, ndi tambala yemwe.
7. Yofooka kwambiri igwireni, muimwetse pang'onopang'ono ndi kasupuni kuti isatsamwe.
8. Madzi a mankhwala akatha, zipatseni madzi wamba. Otsala musasunge kufikira maŵa. Akhuthulireni m'dzenje nkukwirira, kutali ndi chitsime ndi mtsinje.
9. Sambani m'manja ndi sopo.

Masiku otentha a Okutobala ndi Novembala musazimane madzi dzuŵa litakwera. Mwetsani m'mamaŵa.

Tiyeni tichite samu pang'ono. Nkhuku zazikulu 10 zimamwa madzi pafupifupi malita 2 patsiku. Tiyerekeze kuti paketi yanena kuti magalamu 10 asungunulidwe m'malita 10. Ichi nchitsanzo chabe, si muyeso weniweni. Inu muli ndi nkhuku 10 zokha. Malita 10 akuchulukirani. Mutani? Mukhoza kupempha alangizi akuonetseni muyeso wa malita 2 ndi supuni. Koma pali njira ina yabwino koposa. Itanani anzanu anayi amene ali ndi nkhuku ngati zanu. Sonkhani ndalama ya paketi imodzi. Sungunulani m'malita 10, ndipo aliyense atenge malita 2. Mabanja asanu athandizika ndi paketi imodzi, ndipo muyeso sunalakwike.

Musachepetse mankhwala pofuna kusunga. Muyeso woperewera umapha njoka zofooka zokha. Zolimba zimatsala nkuswana, ndipo m'kupita kwa nthaŵi mankhwala aja amaleka kugwira ntchito. Musaonjezerenso poganiza kuti zichira msanga. Mukhoza kupha nkhuku zanu ndi manja anu.

Kodi timwetse liti?

Musadikire kuti nkhuku ziyambe kufa. Kupeŵa kumaposa kuchiza.

Anapiye amwe koyamba akakwana masabata 6 mpaka 8. Ngati mwamwetsa Piperazine, bwerezani pakatha masabata aŵiri kapena atatu. Chifukwa chake nchakuti ulendo woyamba mankhwala amachotsa njoka zikuluzikulu, koma tiana tobisala m'khoma la matumbo timatsala. Ulendo wachiŵiri umapeza titatuluka.

Pambuyo pake, nkhuku zoyenda zokha zimwe kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Kuti musaiŵale, lembani m'kope lanu motere:

Novembala, mvula ili pafupi.
Febuluwale, pakati pa dzinja.
Meyi, mvula itatha.
Ogasiti, m'chilimwe.

Pansi pa mwezi uliwonse lembani tsiku limene mwamwetsa, dzina la mankhwala ndi chiŵerengero cha nkhuku. Ndalama ikachepa, musalumphe Novembala ndi Febuluwale, pakuti ndiyo nyengo yoopsa.

Mukamva kuti katemera wa chitopa akubwera, mwetsani mankhwala a njoka sabata imodzi kapena aŵiri katemerayo asanafike. Katemera amagwira bwino m'thupi la nkhuku yamphamvu.

Nkhuku yachilendo, kaya mwagula kumsika kaya mwapatsidwa kwa achibale, musaiphatikize ndi zanu tsiku lomwelo. Isungeni payokha masabata aŵiri ndipo imwe mankhwala a njoka. Chimodzimodzinso nkhuku zakuda zija timati za Mikolongwe. Mtundu wake ndi Black Australorp, wochokera ku Australia. Boma linayamba kalekale kugulitsa nkhukuzi kwa alimi kuchokera ku Mikolongwe, ku Bwemba ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu. Nkhuku zokulira m'khola ngati zimenezi zikafika kumudzi zimapeza bwalo lodzaza ndi mazira a njoka, thupi lisanazoloŵere. Zimafuna chisamaliro chapadera miyezi yoyamba.

Mankhwala okha sakwanira

Kumbukirani kuti mankhwala amapha njoka za m'mimba, koma sapha mazira amene ali pansi. Nkhuku ikamwa mankhwala lero nkukatola mazira maŵa, pakatha miyezi iŵiri njoka zadzazanso. Zili ngati kusamba nkuvala zovala zakuda zomwe zija. Tsono chitani izi:

Masiku aŵiri otsatira kumwetsa, sesani zitosi zonse m'khola ndi pabwalo, pakuti muli njoka ndi mazira ambiri. Pambuyo pake muzisesa kaŵiri kapena katatu pa sabata.

Zitosi musataye pabwalo. Ikani m'dzenje la manyowa nkukwirira ndi zinyalala ndi dothi. Manyowa akamapsa amatentha, ndipo kutenthako kumapha mazira ambiri. Pamapeto pake mupeza manyowa abwino a kudimba.

Mangani khola lam'mwamba, pansi pake poyala timitengo motalikanako, kuti zitosi zizigwera pansi. Folerani bwino kuti lisadonthe. Ngati khola nlapansi, likhale pokwera, ndipo muziwazamo phulusa kuti muziuma. Nkhuku zisagone m'nyumba kapena m'khitchini pamodzi ndi anthu.

Chakudya musamwaze pansi. Ikani m'kabwato kosema kapena m'chigubu chodula. Chomwera chikhale pamwamba pa njerwa kuti nkhuku zisapondemo, ndipo muzichitsuka tsiku ndi tsiku.

Kwirirani zithaphwi za pakhomo. Lambulani udzu wozungulira khola kuti dzuŵa lizifika pansi.

Anapiye asungeni pamalo pouma, pamene sipakhala nkhuku zikuluzikulu. Ngati mumaŵavundikira m'dengu kapena m'kakhola konyamula, muzisuntha masiku aŵiri kapena atatu alionse.

Zidyetseni bwino. Madeya okha sakwanira. Onjezerani soya wokazinga ndi kusinja, zotsalira za usipa, chiswe, ndi masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Masamba obiriŵira ali ndi vitamini A, amene amalimbitsa matumbo kuti njoka zisakhazikike mosavuta.

Mwina mukufunsa kuti, kodi njoka za nkhukuzi zingaloŵe mwa munthu? Njoka zimene tatchulazi nza mbalame. Za anthu ndi mtundu wina. Nyama ya nkhuku imene munapezamo njoka mukhoza kudya mutataya matumbo ndi kuiphika bwino. Koma zitosi zili ndi tizilombo tina totsekula m'mimba. Mwana wokwaŵa asaseŵere pamene pali zitosi. Nkhuku yofa yokha musadye, ikwirireni.

Ntchito ya mudzi wonse

Nkhuku siidziŵa malire. Yanu imakadya kwa anansi anu, ya anansi anu imadzadya kwanu. Mukamwetsa nokha, nkhuku za anzanu zidzabweretsanso mazira pabwalo panu. Mutu umodzi susenza denga. Kambiranani ndi anzanu a m'kalasi, a m'kalabu ya ulimi kapena a kubanki mkhonde. Uzani a mfumu kuti alengeze tsiku limodzi loti mudzi wonse umwetse nkhuku. Itanani alangizi adzakhalepo ulendo woyamba.

Mayi wa ku Manyamula uja anachita zimenezi. Anatenga njoka zija m'kabotolo nkupita nazo kwa alangizi. Anagula mankhwala pamodzi ndi anzake atatu. Anasesa khola nkukweza chomwera. Anapiye anayi aja sanabwerere, koma asanu ndi atatu otsalawo anakula. Nditadutsanso pakhomopo, anandionetsa kope lawo. Anali atalemba ndi dzanja lawo tsiku lomwetsa ndi tsiku lodzabwereza.

Inunso yambani lero. Gwirani nkhuku ziŵiri kapena zitatu, mukhudze pachifuŵa. Yang'anani zitosi m'khola. Mukapha nkhuku, onani m'matumbo. Ndipo tsegulani kope lanu mulembe mwezi umene mudzamwetse.

Mafunso

1. Tchulani mitundu inayi ya njoka za m'mimba mwa nkhuku.
2. Kodi mazira a njoka amaloŵa bwanji m'nkhuku?
3. Nchifukwa chiyani njoka zimavuta kwambiri m'dzinja?
4. Tchulani zizindikiro zitatu za nkhuku ya njoka.
5. Kodi chitopa chimasiyana bwanji ndi njoka za m'mimba?
6. Pa paketi alemba EXP 03/2028. Kodi mankhwalawo adzatha mphamvu mwezi uti ndi chaka chiti?
7. Nkhuku 10 zimamwa malita 2 patsiku. Nanga nkhuku 30 zidzamwa malita angati?
8. Nchifukwa chiyani nkoipa kuchepetsa muyeso wa mankhwala?

Zoti muchite

Lembani m'kope lanu chiŵerengero cha nkhuku zanu: atambala, mathadzi, misoti ndi anapiye. Lembaninso dzina la ofesi ya zaulimi imene ili pafupi ndi mudzi wanu. Mukakumana ndi anzanu, pezani paketi ya mankhwala a nkhuku, mufufuze pamodzi mawu atatu aja: EXP, Dosage ndi Withdrawal.